Kachingwe ka Mawu

Chingwe chija chinali chakuda, cha mitu iwiri yabuluu, ndipo m'nyumba mwathu ku Tegeta, kunja kwa Malawi, ndinali ine ndekha wodziwa pochilowetsa. Ndinkazula cha dikoda, chimene bambo ankaonera mpira, n'kulumikiza TV ku kompyuta yakale imene anawapatsa kuntchito. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinkadziyesa fundi, katswiri weniweni.

Inali nyengo ya mvula, chaka chimene agogo, bambo awo a amayi, anamwalira ku Malawi. Amayi sanapite kumaliro. Panali patatha zaka zambiri asanapondeko kwawo, ngakhale pamene agogo ankadwala. Ankati pasipoti inatha, koma lero ndimaona kuti ankachitanso manyazi kubwerera chimanjamanja. Msuweni wina anajambula mwambo wonse n'kuuika pa intaneti.

Chingwe chabuluucho chinkangotenga zithunzi, mawu ayi, ndipo kompyutayo inalibe sipika. Choncho masana alionse ndikaweruka kusukulu, amayi ankayala chitenje pansi n'kumaonera maliro opanda mawu, mvula ikusokosera pamalata, m'nyumba mukununkha chinyezi. Ankaloza ndi chala: awa ndi azakhali, uwu ndi mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Malume akaimirira pafupi ndi bokosi, milomo ikuyenda, amayi ankati, "Apa achimwene akutchula ana a malemu. Ine ndine wachitatu." Chithunzi chikaima, ankadikira osadandaula.

Ndinafuna kuwasangalatsa. Aphunzitsi athu a kompyuta anandibwereka kachingwe kena kakang'ono, ka mawu, ndipo ndinathamanga nako m'matope mpaka kunyumba.

"Mama, leo mumva zonse," ndinatero m'chilankhulo changa chosakaniza ndi cha kuno, ndikupumira m'mwamba.

Nyimbo ya maliro inadzaza chipinda, amayi n'kumaitsatira chapansipansi. Kenako malume anaimirira, natsokomola. "Malemuwa asiya ana anayi," anatero, n'kutchula mayina limodzilimodzi. Kwawo kwa amayi anabadwa asanu.

Ine ndinaganiza kuti intaneti yadumpha. Ndinabwezera m'mbuyo. Anayi. Ndinagwedeza kachingwe kaja, ndinakauzira, ndinabwezeranso. Katatu konse amayi anamva mchimwene wawo akuwafufuta pamaso pa mudzi wonse, ndipo wobwezera ndinali ine. Mpaka lero zimandiwawa.

"Zula kakang'onoko, mwanangu," anatero amayi, maso ali pansi.

Mawa lake anayalanso chitenje, nandiuza kuti ndilumikize chabuluu chokha. Anaonera choncho mpaka mvula inatha, koma malume akaimirira, amayi sankalankhulaponso. Ku Malawi sanapitenso, ndipo ndi kuno komwe tinadzawaika m'manda.

Kachingwe kaja ndinakabweza kwa aphunzitsi sabata yomweyo. Ndinawauza, ndi mtima wonse, kuti n'kowonongeka, kakumadula mawu ena.