Pemphero la mu Ofesi ya Ba Hedi

Dzulo m'minibasi ya ku Chawama, m'busa wina pa wailesi ankati ana akumenyana m'masukulu chifukwa mapemphero anatha. Mtima unandiwira.

Ife tinkapemphera m'mawa uliwonse. Ndili giredi faivi, wotsogolera pemphero anali Mwansa, mtsikana wamkulu m'kalasi mwathu. Yemweyo ankandidikira kuseri kwa zimbudzi n'kundilanda chinangwa chootcha. Tsiku limene ndinakana, anandigunditsa nkhope pampopi, dzino n'kuthyoka.

Ba hedi anatiitanira ku ofesi. Sanafunse kanthu, ngakhale magazi ankadonthera payunifomu.

"Gwiranani manja tipemphere," anatero. "Iwe Tisa, mwana wa Mulungu amakhululuka."

Mwansa anapemphera mokweza mpaka misozi, kwinaku akundibaya ndi zikhadabo m'chikhatho. Ine mawu anakana kutuluka, m'kamwa muli magazi okhaokha. Ndinaganiza kuti Mulungu amamvera wofuula kwambiri, ndiye mlandu wandigwera ine. Kunyumba ndinanamiza amayi kuti ndinagwa ndekha.

Mwansa anapitiriza kundimenya mpaka giredi seveni. Mulungu sindimuimba mlandu. Amene sindinawakhululukire mpaka lero ndi ba hedi, munthu wamkulu amene anatsinzina dala kuti asaone mwana atavulala.