Gwape wa pa Jekete ya Bambo

Bambo anga, a Gervase Pottle, anapalasa bwato pa mtsinje wa Thames zaka makumi atatu, ndipo zambiri mwa zakazo sankanyamula munthu wamba. Ankanyamula wapamtima wa mfumu, uja amene aliyense wofuna udindo kapena chikhululuko ankayamba wamugwadira. Apamtimawo ankasinthasintha. Mmodzi akagwa, opalasa ake onse ankachotsa chizindikiro chake pa mkono wa jekete, n'kukandanda pa doko la Whitehall kuti wolowa m'malo awalembe ntchito. Bambo anavalapo chizindikiro cha tsekwe, anavalapo cha nkhandwe. Osoka ndi kumasula anali mayi.

Wachitatu, wa chizindikiro cha gwape, anakhalitsa. Zaka khumi ndi ziwiri mfumu inkadya naye, kusaka naye, osasaina kanthu iye asanaone. Bambo anamupalasira pa dzuwa ndi pa mvula, koma bwanayo dzina lawo sanalidziwe. Ankangoti "iwe wadaziwe". Ndiye tsiku lina m'mawa tinamva kuti bwanayo amutengera kundende.

Mayi anadula ulusi msangamsanga, gwape n'kugwera pansi. Jekete yonse inali itasuluka, koma pomwe panali chizindikiro nsalu inali idakali yofiira ngati yatsopano: nyanga, khosi, miyendo, zonse.

"Bambo a Avis, kabwerekeni ya ang'ono anu," anatero mayi.

"Ya wogulitsa nsomba? Ndikanunkhe pamaso pa mabwana? Ndingopinda mkonowu basi."

Ndinawaperekeza ku doko nditawanyamulira nkhafi. Kapitawo wa wapamtima watsopano ankayenda pa mzere akufinya anthu m'mapewa ngati akugula mahatchi. Atafika pa bambo anaima.

"Madala, kuzizira konseku mwapindiranji mkono? Tambasulani."

Bambo anatambasula.

"Ha! Anzanu gwape amangomuvala, inu wakulowererani mpaka m'nsalu! Mukufuna abwana anga aziyenda pamadzi atayang'anizana ndi mdani wawo?"

"Ndi dzuwa chabe, bwana. Ine ndimangopalasa."

"Kampalasireni mbuye wanuyo kundendeko."

Anzawo anaseka, ambiri a iwo ali m'majekete obwereka. Ine ndinangoyang'ana madzi.

Bambo sanapondenso pa dokolo. Zaka zawo zotsala ankaolotsa amayi ogulitsa kabichi ndi nkhosa za kumsika ku Lambeth, msana ukuwawa, osalankhula zambiri. Patatha zaka zinayi wapamtima watsopanoyo anagwa nayenso, ndipo mnzawo wina wakale anabwera akuthamanga kudzawauza kuti pa doko akulembanso anthu, kapitawo uja kulibe. Anawapeza atakhala pafupi ndi moto, mayi akuwapaka mafuta m'mapewa.

Bambo anamvetsera mpaka mnzawoyo anamaliza.

"Akapalase ena, achimwene," anatero. "Potuluka mutseke chitsekocho, kukulowa mphepo."