Kuno n'ku Malawi

Fungo la chimanga chopserera pa siteji ya maminibasi, omwe kuno amati matatu, ku Lang'ata, kudziko la eni, landiimitsa lero mpaka galimoto yandisiya. Nkhokwe yathu inanunkha chimodzimodzi.

Kwathu ku Ntcheu malire anali msewu. Kutsidya kunali nkhondo ya ku Mozambique, ndipo bambo ankati, "Si yathu imeneyo, singaoloke msewu." Ine ndinkayesa nkhondo imaopa phula.

Tsiku lina masana anthu amfuti anatulukira pabwalo pathu. Anatapa chimanga, n'kuyatsa nkhokwe, n'kusenzetsa bambo thumba. Ndinaganiza kuti angosochera, wina akawauza abwerera. Ndinawathamangira.

"Mwasochera! Kuno n'ku Malawi!"

Mmodzi anaseka. Mayi anandigwira pakamwa mpaka mlomo unatuluka magazi. "Khala chete mwanawe, utiphetsa!"

Ndinawaluma dzanja kuti ndikuwenso, poti mwina anthuwo sanamve bwino. Bambo anaoloka phula lija atawerama ndi thumba, osacheuka. Tsiku ndi tsiku ndinkakhala m'mbali mwa msewu, kudikira kuti anthu aja azindikire kulakwitsa kwawo, awabweze. Sanawabweze.

Sanasochere anthu aja. Ankadziwa bwino lomwe pamene panali malire, n'chifukwa chake uja anaseka.