Mwana Wobadwira M'boti ndi Ovaova ya Amama

Nditangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, ananditumiza kukagwira ntchito ku Mlowe, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi. Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo ndisanapite kumeneko ndinali ndisanakwerepo ngakhale bwato. Nyumba za pachipatala zinali zodzaza, choncho ndinapeza chipinda kwa mayi wina wogulitsa usipa, chakufupi ndi doko. Anthu onse ankawaitana kuti Amama, inenso ndinangotengera pomwepo. Iwo ankandiitana kuti Anesi, ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Chichewa ankachilankhula bwino, koma mokweza ndi kutsitsa mawu mwa Chitumbuka, ndipo akasangalala mawu akuti chomene, kutanthauza kuti kwambiri, sankasowa pakamwa pawo.

Amuna awo anali ndi boti la injini. Ankanyamula anthu ndi katundu kupita kumidzi ya chakumwera, kumene mapiri amatsetserekera m'madzi momwemo ndipo msewu sufika. Foni nayonso kumeneko inkagwira mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake mng'ono wawo wa bamboyo, yemwe ankagwira ntchito padoko lina ku Joni, anawabweretsera mawailesi awiri a m'manja, a mtundu wosalowa madzi. Anthu ankangoti ovaova, poti wolankhulapo akamaliza amati ova kuti mnzake ayankhe. Iliyonse inali yaikulu ngati chitsononkho cha chimanga, yakuda, yokhala ndi kamlongoti ka mphira pamwamba ndi batani lodina polankhula m'mbali. Imodzi inkayenda ndi boti, inayo inkatsala ndi Amama.

Boti likabwera ku ulendo, Amama ankayamba alandira ovaova asanafunse n'komwe kuti ulendo unali bwanji. Ankayang'ana kaye kachivindikiro ka mphira kotseka pobayira chaja, ngati kali kothina. Kenako ankaitsuka m'beseni la madzi a pamjigo, popanda sopo, n'kutenga mswachi wakale kuchotsa mchenga ndi mamba a nsomba m'timabowo totulukira mawu. Akaipukuta ankaiika pawindo la kumthunzi. Padzuwa ayi, ankati batire limafooka ndipo mphira umang'aluka. Ikauma bwinobwino m'pamene ankatsegula kachivindikiro kaja n'kuilumikiza ku batire la sola.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amama, nanga si munati siilowa madzi? Mukuidikiriranji kuti iume?"

"Siilowa madzi ikakhala yotseka, Anesi," anatero. "Mukatsegula apa ili yonyowa, ndiye kuti madziwo mwawatsegulira chitseko nokha."

Ulendo wina ndikusesa ndinainyamula pogwira kamlongoti. Sanakalipe. Anangoilandira m'manja mwanga, n'kuseka, n'kundifunsa ngati kuchipatala ana timawanyamula ndi khutu. Anandionetsa patsinde pa kamlongotiko, pamene pamathyokera m'kati munthu osadziwa, mpaka tsiku limene udzaitane koma osamveka.

M'mawa boti lisananyamuke ankayesa mawailesi onse awiri, bambo ali padoko, iwo ali pakhonde. Ya bamboyo inali ndi chingwe chimene Amama analuka okha, chomangirira ku jekete yoyandamitsa, kuti ikapulumuka m'manja isapite patali. Macheza pa ovaova sankawalola. Amayi anzawo ankabwera ndi mauthenga opita kwa abale akumidzi ija, wina za ufa wa kondowole, wina za mwana wodwala. Amama ankawamvetsera onse, n'kudzanena zonse pakamodzi, mwachidule, nthawi imene anapangana ndi amuna awo. Anali ndi tchanelo chawo cholankhulirana. Cha nambala 16 ankati n'choitanira thandizo basi, ndipo ngakhale mbali yathu ino anthu ochimvera anali ochepa, sankalola wina aliyense kuseweretsapo mawu.

Chinthu china chimene ndinaphunzira n'chakuti ovaova siiboola phiri. Boti likakhota kuseri kwa phiri, mawu ankaduka. Ndiye kuseri kwa nyumba kunali kanjira kokwera pakaphiri, pamene panali mwala waukulu wafulati. Ukaima pamenepo nyanja inkaoneka mpaka kutali, ndipo mawu ankamveka bwino. Amama anali ndi bondo lovuta, koma nthawi yolankhulana ikakwana ankakwera.

Zimene ndimazikumbukira kwambiri zinachitika Loweruka lina m'nyengo ya mwera, mphepo yozizira yochokera kumwera ija imene imautsa mafunde. Ndinali pa ofu, ndikuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba. Boti linali litapita dzulo lake n'kugona komweko, ndipo tinkaliyembekezera chakumasana. Amama anali kuthandala akuyanika usipa, ovaova ili pakhosi. Ndinangowaona akubwera mofulumira, akupukuta manja pachitenje.

"Anesi, siyani zochapazo. Tiyeni kumwala."

Tikukwera anandiuza kuti amva mawu a amuna awo, oduka-duka, koma atolapo mawu awiri: injini, ndi mayi wapakati. Titafika pamwala anaimika ovaova chilili, kamlongoti kataloza kumwamba, n'kusintha kuti izitumiza mawu ndi mphamvu zonse. Anadina batani, anadikira pang'ono, kenako analankhula mosathamanga ndi amuna awo, amene ankawaitana kuti Adada.

"Adada, ndili pamwala. Nenani. Ova."

Yankho linabwera ngati la munthu wolankhulira m'mtsuko. Palibe chimene ndinamvapo. Amama anadinanso.

"Mwalowa madzi m'sipika. Izondotseni, muikutumule, muimenye pang'ono pachikhatho. Kenako munene. Ova."

Tinadikira. Mphepo inkatiomba kumaso, ndipo panyanja pankaoneka mafunde a mitu yoyera okhaokha. Boti silinkaoneka. Mawu atabweranso anali omveka bwino. Bamboyo anafotokoza kuti funde linawagwetsa ndipo ovaova inamira m'madzi a m'boti, koma chingwe chinaigwira. Chidutswa cha ukonde wotayidwa chinali chitakulunga chopalasira cha injini, injiniyo n'kuzima, ndipo mafunde sankawapatsa mpata wochotsa bwinobwino. M'botimo munali mtsikana wapakati amene ankabwera kudzadikirira kuchipatala pamodzi ndi apongozi ake. Matenda anali atamuyamba ali panjira, ndipo tsopano zinali zitafika povuta.

Ndinali nditabereketsapo amayi ambiri, koma ndili nawo pafupi, ndi magolovesi m'manja. Amama sanasinthe nkhope. Anafunsa amuna awo kuti ali pati, iwo n'kuyankha kuti ali moyang'anana ndi thanthwe loyera limene pamatera mbalame. Anafunsanso ngati aponya nangula ndiponso ngati onse avala majekete. Atamva mayankho anasinthira ku 16, n'kunena katatu kuti pali boti lofuna thandizo, ndi malo ake. Palibe anayankha. Sanataye nthawi. Anabwerera kutchanelo chawo, n'kutulutsa foni, poti pamwalapo inkagwira, n'kuimbira msodzi wina wa boti la injini yaikulu. Anamuuza malo, n'kumuuza kuti atenge chingwe chokokera. Zonsezi anazichita ataima malo amodzi.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tsopano ndi zanu, Anesi. Apongoziwo Chichewa sachimva bwino. Inu muzinena, ine ndizimasulira. Koma muzinena chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa tikamalankhula ife, iwo sangatiyankhe."

Umo ndi mmene tinachitira. Ine ndinkanena, Amama n'kudina batani, kunena m'Chitumbuka, n'kusiya batani. Kumeneko bamboyo ankaika ovaova pafupi ndi khutu la apongozi aja, eni ake atayang'ana kumbali mwaulemu kuti asaone mtsikanayo. Ndinati amugoneke mtsikanayo pakati pa boti pamene sipagwedezeka kwambiri, pamatumba, atayala chitenje choyera. Ndinati amuna onse asunthire kutsogolo, ndipo amayi awiri agwire zitenje momutchinga. Ndinati apongoziwo asambe m'manja ndi madzi akumwa, osati a m'boti. Ndinafunsa chimene akuona. Anati mutu wa mwana.

Nthawi zina ndinkafulumira, n'kunena zinthu zitatu pakamodzi. Amama ankandigwira pamkono, n'kusankha choyamba chokha, n'kudikira yankho. Pamene panalibe chonena ankakhala chete, chala chili kutali ndi batani. Ine ndinkafuna kumangofunsa kuti zili bwanji, koma iwo anati batire la kumeneko lagwira ntchito kuyambira dzulo, tisalimalize ndi mafunso.

Pansi padoko tinaona boti la msodzi uja likunyamuka, likudumpha pamafunde. Kenako mawu a bamboyo anabwera, otsika.

"Mwana wabadwa. Koma sakulira. Ova."

Ndinati amupukute ndi chitenje chouma, mwamphamvu ndithu, makamaka kumsana. Amama anamasulira. Ndinati amupukute kukamwa ndi kumphuno, apitirize kumusisita kumsana, asamuzondotse, asamumenye. Anamasuliranso, mawu awo ali chimodzimodzi ngati mmene ankanenera za ufa wa kondowole. Ndinawayang'ana m'manja, n'kuona kuti dzanja limene silinagwire ovaova linali litafinya chitenje zolimba.

Ovaova inakhala chete. Kenako inatsegukanso popanda munthu wolankhula. Tinamva mphepo, madzi akumenya boti, ndipo pakati pa zimenezo kulira kwa khanda, kosasa koyamba, kenako kwamphamvu. Bamboyo anali atadina batani n'kuloza ovaova kumene kunali mwanayo kuti timve tokha. Anagwira choncho nthawi yaitali ndithu. Ine misozi inkangotsika. Amama anakhala pansi pamwala paja, n'kutambasula mwendo wa bondo lovuta uja. Batani litasiyidwa anayankha.

"Tamva, Adada. Yewo chomene. Tsopano musadinenso choncho, Anesi sanamalize. Ova."

Ndinamaliza zotsalazo. Ndinati mwana amuike pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, awafunditse onse awiri ndipo mwanayo amuphimbe kumutu. Ndinati mchombo asadule, ndikadula ndekha, ndipo asakoke chilichonse. Ndinafunsa za magazi, anati si ambiri. Kenako ndinatsika kuthamangira kuchipatala kukatenga zipangizo ndi mnzanga amene anali pa ntchito tsikulo. Amama anatsala pamwala, kuti boti lokathandiza lija likasochera alilondolere kudzera pafoni ndi pa ovaova.

Maboti awiriwo anafika padoko dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka pamutu, lina likukoka linzake. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kukwera. Mtsikanayo anali wotopa, milomo itauma, koma anali bwino. Mwana anali wamkazi, wofunda, atayamba kale kufunafuna bere. Ndinamanga mchombo n'kudula momwemo, kenako tinawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala. Apongozi aja ankanditsatira pambuyo akulankhula zambiri m'Chitumbuka. Mnzanga anandimasulira kuti akufunsa ngati ndine amene ndinali m'kawailesi. Ndinati mawu amene ankawamva anali a Amama, ine ndinali pambali. Anati ayi, onse awiri anatimva.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza Amama ali kuthandala. Usipa umene anausiya m'mawa uja akhwangwala ndi agalu anali ataugwira ntchito mbali imodzi yonse, wina utagwera mumchenga. Ankatola wotsalawo, akuukutumula. Ndinagwada kuwathandiza, ndipo ndinawafunsa ngati sanachite mantha pamwala paja.

"Chomene," anatero. "Kumeneko kunali amuna anga, Anesi. Koma ndikanalira pa ovaova, iwo akanamva kulira basi."

Anandiuza kuti mng'ono wawo wa bamboyo atabweretsa mawailesiwo anangokhala masiku ochepa n'kubwerera ku Joni. Kabuku ka malangizo a mawailesiwo kanali ka Chingerezi chovuta, choncho anakapempha mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, mkulu wa mpingo wawo, kuti aziwawerengera akaweruka kutchalitchi, iwo n'kumayesa batani lililonse mpaka atalimvetsa. Zina anaziphunzira pa ovaova yeniyeniyo, poona chimene chimaisokoneza ndi chimene chimaithandiza.

Mayi ndi mwana tinawasunga kuchipatala mpaka mwera utatsika. Tsiku lobwerera kwawo mwamuna wa mtsikanayo anabwera kudzawatenga, atayenda wapansi kudutsa m'mapiri chifukwa sanathe kudikira boti. Anali mnyamata wamtali, wamanyazi. Anafika kunyumba kwathu atanyamula nkhuku yoyera, n'kukhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja. Amama anakana kawiri, kachitatu analandira, n'kundiuza kuti nkhukuyo ndi ya tonse awiri ndipo tisaiphe, tiiwete. Inaikira mazira kuseri kwa chitseko cha chipinda changa, ndipo pamene ankandisamutsira ku chipatala china ku Henga, Amama anandimangira anapiye ake awiri m'katoni yoboola-boola kuti ndipite nawo.