Nyengo imene mawu anandithawa

Ndimakumbukirabe chipewa cha ulusi wobiriwira chimene amayi anandilukira kuti chibise chipsera changa. Chinkanunkha sopo ndi fumbi, ndipo chinkayabwa kukatentha.

Tinali titangochoka ku Zomba, nthawi imene boma linkasamukira ku Lilongwe. Tinkakhala kwa malume ku Area 14, iwo akugwira ntchito ku Capital Hill. Nyumba zoyandikana nafe zinali zisanafoleredwe, ndipo anafe tinkakwera makoma ake. Tsiku lina njerwa inagumuka ndili pamwamba. Ndinatsitsimukira kuchipatala.

Bala linapola msanga, koma mawu anandithawa. Ndinkaona kapu, kuidziwa bwinobwino, dzina lake osabwera. Masana onse ankakhala ngati ndili pansi pa madzi: mathirakitala akulira kutali kumene ankalambula misewu, fumbi lofiira likuyandama pawindo, anthu akuyankhula ngati ali m'chipinda china. Nthawi zina ndinkapsa mtima popanda chifukwa n'kuponya mbale. Amayi ankangoitola.

"Usafulumire, mwanangu, ndikudikira," ankatero.

Malume akaweruka ankavula tayi n'kundigwira dzanja. Tinkayenda msewu womwewo tsiku lililonse. Ankaloza chinthu n'kungoyamba dzina lake, "Mte...", kenako n'kukhala chete mpaka ine nditamaliza ndekha, "...ngo."

Nditabwerera kusukulu, aphunzitsi anandikhazika kutsogolo. Ankandipatsa samu imodzi, zinazo n'kuziphimba ndi chikhatho. Phokoso la m'kalasi likayamba kundiwawitsa mutu, ndinkatuluka osapempha n'kukagona pamthunzi, kumaonera mitambo. Anzanga atadandaula kuti pali kukondera, aphunzitsiwo anati, "Mnzanuyu akuchira. Akanathyoka mwendo mukanamuthamangitsa?" Lero ndikaganiza ndimaona kuti panalibe amene anawaphunzitsa amayi, malume ndi aphunzitsi aja zochita ndi mwana ngati ine. Ankangondiyang'anitsitsa.

M'mawa wina mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi n'kulowa mpaka kuchipinda. Ndinapeza amayi akusita malaya a malume.

"Amayi, kunja kukununkhira," ndinatero.

Anaika nsimbi pansi, kundiyang'ana, n'kutuluka. Anakaima kuseri kwa nyumba, pamvula, nthawi yaitali. Ine ndinakhala pakhomo ndi mantha, kuyesa kuti ndawalakwira. Sindinkadziwa kuti chigwereni pakhoma paja ndinali ndisanawaitanepo kuti amayi.