Tsiku Limene Anatsuka Sefa ya Nsomba za Malemu

Amuna anga ankaweta nsomba m'nyumba, osati zodya, zongoyang'ana. Anzawo a kunjanji ku Balaka ankawaseka, nanenso poyamba ndinkaseka. Munthu wamkulu, kalaliki wathunthu, kuweruka kuntchito n'kudzagwada patsogolo pa bokosi lagalasi ngati ali m'tchalitchi. Bokosilo anawasiyira mmwenye wina wa sitolo pamene ankasamukira m'tauni, pamodzi ndi tinsomba tofiira ndi kapampu kamagetsi kopumira mpweya m'madzi. Nyumba za kunjanji zinali ndi magetsi, ndiye zinatheka.

Mmwenyeyo anasiya sefa ziwiri zoyeretsera madzi. Ina inali yonyezimira, yokoloweka m'mbali, koma inkakoka madzi mwamphamvu moti tinsomba tinkangokhalira kupupuluma, ndipo siponji yake ikatha kunalibe kogula ina. Amuna anga anasankha kabokosi kapulasitiki kokhala pakona, pansi pa madzi, kamene umadzazamo wekha. Pansi timiyala, pakati makala, pamwamba thonje. Timiyala anakatola okha kumtsinje wa Rivirivi, makala ndinkapatula ine pa a mbaula.

Kasefa kameneko kanali konyansa, ndisaname. Thonje linkada ngati matope a m'dambo, loterera ndi ndere. Tsiku lina nditatenga sopo kuti ndikachape, bambowo anandigwira dzanja.

"Iyayi mayi, sopo asayandikire pamenepo," anatero. "Litsiro mukulionali ndiye likusunga nsombazi. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timadya zoipa zimene nsomba zimatulutsa. Mukatipha, madzi aoneka oyera mbee koma asanduka poizoni."

Anandiphunzitsa kachapidwe kake. Umatunga madzi a m'bokosi momwemo m'beseni, n'kufinyiramo thonje pang'ono chabe, n'kulibwezera likadali lakuda. Likatha umasintha theka, theka lina n'kusiya lakale. Madzi apampopi sathiridwa tsiku lomwelo, amayamba agona mu ndowa kuti mankhwala ake auluke. Atayamba kudwala chifuwa, ntchito yonseyi inagwera ine. Ndikapita kukawaona kuchipatala, moni asanathe ankafunsa kuti, "Sefa ija mwaifinya?" Ndinkawakalipira kuti azifunsa za ana, koma ndinkaifinya ndithu.

Anamwalira nthawi ya dzinja, tinakawaika kwawo ku Utale. Tinsomba tija tinali chinthu chokhacho chawo chimene chinatsala chikupuma, ndipo ndinali nditalumbira mumtima kuti sitifera m'manja mwanga.

Kenako abale awo anabwera ku Balaka kudzasesa. Mwambowu sindiunyoza, ndasesapo nanenso pa maliro a anzanga. Nyumba imasesedwa, chilichonse chimene malemu ankagwira chimatsukidwa, kuti imfa ituluke. Wamasiye amakhala pamphasa pakona, mutu pansi, salamula kanthu. Amene ankatsogolera anali alamu anga, mlongo wamkulu wa malemu, mayi amene mapoto awo unkatha kudziyang'anirapo nkhope. Analinso mkulu wa amayi a chipani kwawoko, ndipo zaka zimenezo munthu wotere sunkamutsutsa pagulu ngati ukufuna kugona m'nyumba mwako.

Ndinawaona akupisa dzanja m'bokosi n'kutulutsa kasefa kaja kakudontha madzi akuda.

"Taonani uve wa m'nyumba muno," anatero alamu, akukaonetsa kwa amayi onse. "Achimwene ankapuma zimenezi? Chifuwa chikanawasiya bwanji?"

Mawu amenewo anandibaya, koma ndinawameza. Ndinangoti, "Alamu, chonde, chimenecho sichitsukidwa ndi sopo."

Agogo amene anandikhalira pambali ananditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Alamu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Manda sanaume, mwayamba kale kulamula katundu wa malemu?"

Basi, ndinaweramitsa mutu. Ndinamva zonse ndi makutu. Nsomba anazikokolera m'beseni losambira, galasi analikwecha ndi phulusa, timiyala ta ku Rivirivi anatikhuthulira kudzala, kasefa anakaviika m'madzi otentha ndi sopo mpaka kuyera. Anaikamo thonje latsopano, n'kudzaza bokosi ndi madzi apampopi ongotunga kumene. Amayi anayamikira kuti tsopano likuoneka ngati la anthu. Ine pamphasapo ndinaphimba nkhope ndi chitenje, ena n'kumati ndi chisoni, pamene unali mkwiyo.

Atangochoka ndinathamangira kudzala kukafuna thonje lakale lija kuti mwina ndibwezeremo. Anali atalitentha pamodzi ndi zinyalala zonse za kusesa, monga mwambo unenera. Ndinapungula madzi, ndinathira ogona, ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa. Sizinathandize. Madzi anayamba kuchita mbuu ngati mwathiridwa mkaka, tinsomba n'kumayandama pamwamba kukamwa yasa. M'mawa uliwonse ndinkavuula kena. Yomaliza inali nsomba yaikulu yong'ambika chipsepse imene amuna anga ankaitcha Abwana chifukwa inkayamba kudya zinzake zisanadye. Ndinaikwirira kuseri kwa nyumba, n'kuzimitsa kapampu, nyumba inangoti zii.

Tsiku lometa litakwana ndinapita ku Utale, ndipo ndinanena pamaso pa onse kuti nsomba zija zatha. Ndinkayembekeza kuti alamu aweramitsako nkhope. Iwo anagwira pachifuwa, misozi n'kulengeza.

"Mwini wake waziitana," anatero. "Zikanakhala bwanji popanda iye?"

Anthu onse anavomereza ndi mitu. Ena analira kumene, kuti ha, chikondi chake, mpaka nsomba kum'tsatira munthu kumanda. Ndinatsegula pakamwa, agogo aja ananditsinanso.

Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa zonse. Kulakwa aliyense amalakwa, alamu sankadziwa za tizilombo ta m'thonje, ngakhale za sopo ndinawachenjeza, iwo osamva. Koma kupha nsomba za munthu, kenako n'kumusenzetsa malemu yemweyo mlandu wake, n'kuukometsera kuti ukhale nkhani yokoma yokamba pa maliro, zimenezo sindinakhululuke ndipo sindikuona tsiku lokhululuka. Munthu amene ankapuma movutikira pabedi la chipatala akufunsa za sefa, ameneyo n'kuitana nsomba zake kuti zife? Ankamudziwa iwo kapena ine?

Alamu anamwalira kalekale, chipani chawo chinatha mphamvu, ine tsitsi layera. Koma nkhani ija ikadali moyo. Chaka chatha ndinali pa maliro ena ku Utale konko, mayi wina wosandidziwa anandikhalira pafupi m'siwa n'kuyamba kundinong'oneza kuti m'mudzi muno munali bambo wina wa kunjanji amene nsomba zake zinamukonda mpaka kum'tsatira atamwalira. Ankakamba mokoma, maso ali kumwamba.

Ndinamusiya amalize. Kenako ndinati, "Mayi, zinafa ndi sopo. Sopo ndi phulusa. Ndinalipo."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kukoka chitenje chake kusunthira uko. Pamphasapo panalibenso wonditsina, choncho ndinabwerezanso mokweza kuti onse amve.