Dazi la Kumaresan

Ku Kodambakkam, mumzinda wa Chennai, aliyense wa zamafilimu ankadziwa ntchito ya Kumaresan, kupatula amayi ake. Iye anali pulodyusa. Ndiye ankasaka nkhani, kunyengerera osewera onyada, kubwereka nyumba zojambuliramo, kuonetsetsa kuti chikhamu chonse chadya mpunga masana, ndi kuswa kokonati tsiku loyamba kuti ntchito iyende bwino. Koma Amayi Ponnammal ankangomuona akutuluka m'mawa atasenza thumba la anyezi.

"Mwana wangayu amaphikira anthu a filimu," ankatero kwa anansi.

Ankatero kwa zaka makumi awiri! Zinkamuwawa zedi. Anawalozerapo dzina lake pachikwangwani, zilembo zikuluzikulu, koma mayiwo sukulu sanaipondeko.

"Ngati ulidi m'filimu, nanga nkhope yako ili kuti?"

Ndiye tsiku lina anakagwada kwa dayirekita wake, Ilango.

"Achimwene, ndiikenimo. Kamodzi kokha, mayi andione."

"Inuyo? Ndi chimimba chimenechi?" anaseka Ilango. "Chabwino, mukhala wansembe paukwati. Mawu awiri basi."

Tsikulo Kumaresan anavala zoyera, nadzola phulusa pamphumi monga amachitira ansembe akumeneko. Kamera itangoyamba, diso lake linagwa pa ng'ombe ya eni ake ikudya nkhata zamaluwa zimene anakagula yekha kumsika. Unsembe unathera pomwepo. Anatembenuka, liwiro, uku akukuwa. Dzuwa linali likulowa, wosewera wamkulu akuthamangira ndege, moti zobwereza panalibe.

Filimu itatuluka anawatengabe mayi ake kukaonera. Gawo la ukwati litafika, mayiwo anamutsina, akuloza mtsuko womwe unaoneka m'filimumo.

"Si mtsuko wanga wamkuwa uwo? Iwe! Mwezi wathunthu ndakhala ndikunamizira aneba!"

Kumaresan anazyolika. Kenako kumbuyo kwa mkwati kunadutsa dazi lonyezimira likupirikitsa ng'ombe. Nkhope ayi, dazi lokha. Amayi Ponnammal anadzuka, ndodo m'mwamba.

"Taonani! Dazi ilo ndi la mwana wanga! Ndinabereka ndine!"

"Khalani pansi, agogo!" anakuwa wina kumbuyo.

"Khala pansi ndiwe! Wako ali mmenemo?"

Kumaresan, munthu amene sanalirepo ngakhale filimu yake itakanidwa ndi mzinda wonse, anagwetsa misozi ya chimwemwe.

Mayiwo anaonera filimuyo masiku khumi ndi awiri otsatizana. Mpaka lero amauza anansi kuti mwana wawo anakwezedwa, anasiya zophika, tsopano amathamangitsa ng'ombe m'filimu. Kumaresan sawatsutsa.